Shared library pa FreeRTOS ndi STM32F407: zimatheka kapena ndikungotaya nthawi?

Mjigo_F4 analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndatha sabata ziwiri pa chinthu chimodzi, mpaka mayi a kunyumba ayamba kundifunsa ngati ndinakwatira laputopu.

Ndimakonza timabokosi toyang'anira mapampu a madzi oyendera sola. Pano tilipo 46, m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi. Kabokosi kalikonse kamayeza madzi a mu thanki, mphamvu yochokera ku mapanelo ndi mmene pampu ikuzungulira, kenaka nkutumiza ku seva kudzera pa SIM800, kachipangizo kolumikizira ku netiweki ya foni. Mkatimo muli chip ya STM32F407VG, ija ya flash ya 1 MB ndi RAM ya 192 KB. Ndikuyendetsa FreeRTOS (operating system yaing'ono ya ma chip otere), lwIP pa PPP (zolumikizira ku intaneti), ndi mbedTLS (yotetezera uthenga).

Flash ndinaigawa chonchi: bootloader, yomwe imayamba kuyaka nkuyambitsa pulogalamu yaikulu, ili mu sector 0 mpaka 3, yonse 64 KB. Sector 4 ndimasungamo ma settings. Kenaka pali malo awiri a pulogalamu, aliwonse ma sector atatu a 128 KB, ndiye kuti 384 KB. Pulogalamu yanga yafika 380 KB. Ndatsala ndi 4 KB basi, pomwe abwana akufuna ndiwonjezere zowerengera malita amene anthu atunga pa tsiku.

Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi update. Mwezi watha ndinakonza mzere umodzi wokha, if ina yomwe inkazimitsa pampu msanga mtambo ukangophimba dzuwa. Mzere umodzi, koma ndinayenera kutumiza 380 KB yonse pa 2G. Mabokosi asanu ndi anayi sanamalize, netiweki imaduka pakati, iwo nkuyambiranso pachiyambi. Awiri ndinachita kupita ndekha pa njinga yamoto, laputopu ndi ST-Link (kachipangizo kolembera pulogalamu mu chip) kumsana, ndipo kwinako tinakankha njingayo m'matope mtunda ndithu. Amayi a pa thanki anandiseka kuti injiniya wabwera ngati wochokera kudimba.

Ndiye ndinaganiza chonchi. Mu 380 KB imeneyi, khodi yolemba ine sifika 70 KB. Zina zonsezo ndi mbedTLS, lwIP, FreeRTOS, newlib ndi HAL ya ST, zinthu zomwe chaka chimatha osazikhudza. Komanso bootloader ili ndi mbedTLS yakeyake yotsimikizira signature, ndiye chinthu chimodzi ndachisunga katatu mu chip imodzi. Pa Linux libc.so imakhala imodzi, mapulogalamu onse amadyera m'mbale yomweyo. Bwanji ine osaika zosasinthazo pamalo pake ngati shared library, update ikhale ya 70 KB?

Ndinayesa njira ya PIC, ndiye kuti khodi yotha kuyenda pa adiresi iliyonse. Ndinaika -fPIC, -msingle-pic-base, -mpic-register=r9 ndi -mno-pic-data-is-text-relative. Mu Reset_Handler ndimakopera GOT, tebulo la ma adiresi a ma global variable, kupita ku RAM nkuika adiresi yake mu register ya r9. main() imadutsa bwinobwino, UART imalemba moni. Koma vTaskStartScheduler() ikangoitanidwa, HardFault pompo, CPU yagwa.

Mafunso anga ndi awiri. Chikugwetsa n'chiyani? Ndipo njira imeneyi ilipo amene anayendapo nkufika?

Gogo_wa_Assembly analemba:

Achimwene, HardFault yanuyo ndikuiona ndili kuno ku Johannesburg, osagwira bolodi yanu. Tsegulani port.c ya ARM_CM4F, mupeze pxPortInitialiseStack(). Task yatsopano ikamapangidwa, FreeRTOS imaikonzera stack yooneka ngati task-yo inali kale pa ntchito nkuimitsidwa. Imalemba xPSR, PC, LR ndi r0. Malo a r4 mpaka r11 imangowadumpha, osalembamo kanthu. Scheduler ikayamba, imatola zomwe zili m'malo amenewo nkuziika mu ma register. Ndiye r9 yanu yomwe munaisamala mu Reset_Handler yafufutidwa ndi zinyalala za mu stack. Task ikangofuna global variable yoyamba, imapita kukafunsa GOT kumalo komwe kulibe GOT. N'chifukwa chake main() imadutsa koma task imagwa. Lembani adiresi ya GOT pamalo a r9 mu function imeneyo, HardFault itha.

Koma musasangalale msanga, chifukwa mukachotsa mwala umenewu mupeza wina pansi pake. Interrupt ikabwera, Cortex-M, CPU ya mu chip yanuyo, imasunga yokha r0, r1, r2, r3, r12, LR, PC ndi xPSR. r9 siikhudza. ISR, khodi yoyankha interrupt, imayamba ndi r9 ya amene yamudula. Ngati GOT ili imodzi mu chip yonse, palibe vuto. Koma inu mukufuna library payokha ndi pulogalamu payokha, iliyonse ndi GOT yake. Tsiku lina interrupt ya UART idzagwa pamene CPU ili mkati mwa mbedTLS, ISR yanu nkuwerenga ma variable ake kudzera pa GOT ya library. Sidzagwa nthawi yomweyo ayi. Idzangolemba pamalo olakwika mwakachetechete, inu nkudzamva patapita masiku kuti pampu ya ku Ntchisi yayaka usiku.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Chimene chimachititsa kuti .so igwire ntchito pa Linux ndi MMU, gawo la CPU lomasulira ma adiresi. Khodi ya library imakhala imodzi mu RAM, koma process iliyonse imapatsidwa .data ndi .bss (malo a ma variable) yakeyake, ndipo MMU imainamiza kuti zili pa adiresi yomwe ikuyembekezera. QNX imachita zomwezo, VxWorks nayonso kuyambira pa 6 ndi ma process ake otchedwa RTP. Cortex-M4 ilibe MMU. Ili ndi MPU ya zigawo zisanu ndi zitatu, yomwe imangoletsa kapena kulola, siisintha adiresi. Anthu a uClinux, Linux ya ma chip opanda MMU, analimbana nalo vutoli zaka zambiri, mpaka kupanga FDPIC, momwe function pointer iliyonse imayenda ndi adiresi ya GOT yake. GCC inayamba kuthandiza FDPIC pa ARM mu version 10, chaka cha 2020. FreeRTOS yokha ilibe loader yokweza khodi chipangizo chili chiyakire, ilibe dlopen, ndipo sinalonjezepo kuti idzakhala nazo.

Komanso taganizani bwino. Ma task a FreeRTOS si ma process. Onse ali m'nyumba imodzi, amaona adiresi zofanana. Ma task khumi akamaitana memcpy, memcpy-yo ndi imodzi kale. Phindu lomwe Linux imapeza pa .so inu muli nalo kale kudzera pa static linking. Chomwe mukufuna inu si kugawana library pakati pa mapulogalamu. Mukufuna kutumiza zochepa pa 2G. Amenewo ndi matenda ena, mankhwala akenso ena.

Mjigo_F4 analemba:

Akulu, mwalasa. Ndaika r9 mu pxPortInitialiseStack(), ma task onse ayaka. Sabata ziwiri zathera pa mizere iwiri. Za ISR zija sindinaziganizireko n'komwe, ndipo zandiziziritsa nkhongono chifukwa PPP yanga imadalira interrupt ya UART nthawi zonse.

Koma pa mfundo yomalizayo ndikutsutsaniko pang'ono. Mbali ina ndikufunadi kugawana: malo awiri a pulogalamu aja onse asunga mbedTLS ndi lwIP, bootloader nayonso. Zikanakhala pamodzi, vuto la 4 KB lija likanatha.

NaPhiri_Firmware analemba:

Achimwene a Mjigo, zimene mukufunazo zimatheka popanda PIC, popanda GOT, popanda r9. Ine ndinachitapo pa mamita owerengera madzi, ndipo ndikuuzani ubwino wake ndi pomwe ndinapsa.

Library mumaipanga link payokha, pa adiresi yokhazikika, tinene 0x08020000, pomwe sector 5 imayambira. Poyambirira penipeni mumaika struct: nambala yozindikirira, version, kenaka mndandanda wa ma function pointer. Pulogalamu siidziwa komwe sha256 ili. Imangodziwa kuti pa 0x08020000 pali tebulo, ndipo pointer yachitatu ndi sha256. Library ikasintha mkati, ma function nkusuntha, tebulo limasintha nawo, pulogalamu osamva kanthu. Si nzeru yatsopano. Boot ROM ya RP2040 ili ndi tebulo lotere, ndipo ma function a float amakhala mmenemo. SoftDevice ya Nordic, khodi yawo ya Bluetooth, ndi binary yosiyana ndi pulogalamu yanu, mumaiitana kudzera pa SVC, ndipo linker script yanu imasiyira SoftDevice-yo gawo la flash ndi la RAM.

Gawo la RAM limenelo ndiye poyambira mavuto. Library ili ndi .data ndi .bss zake. Muyenera kuidulira malo mu RAM omwe linker ya pulogalamu siidzawakhudza, ndipo wina ayenera kukopera .data ndi kufufuta .bss asanaitane function iliyonse, chifukwa startup ya pulogalamu siidziwa za zimenezo. Ine ndinaika lib_init() ngati pointer yoyamba. Ngati bootloader nayonso ikugwiritsa ntchito library, imaiitana, pulogalamu ikayamba imaiitananso kuti iyambe poyera.

Chachiwiri, library isaitane chilichonse cha pulogalamu mwachindunji. mbedTLS imafuna calloc ndi free, lwIP imafuna ma mutex ndi ma mailbox a FreeRTOS. Zimenezo mumazipereka kudzera pa tebulo lina lobwerera, pa nthawi ya lib_init(). Mukapanda kusamala mupeza muli ndi newlib ziwiri, malloc ziwiri, iliyonse ndi heap yake, wina nkutenga memory uku kukaibweza uko. Ndipo ngati mukulemba adiresi ya function pamanja, musaiwale kuti pa Thumb bit yomaliza imakhala 1. Mukaiwala, fault ya INVSTATE ikudikirirani.

Pomwe ndinapsa ine ndi apa. Tinali ndi struct ya ma settings yomwe pulogalamu imapereka ku library. Mnzanga wa pa ntchito anawonjezera uint8_t imodzi pakati pa struct-yo, osati kumapeto. Pa desiki zonse zinkayenda, chifukwa pa desiki timalemba library ndi pulogalamu limodzi. Kumudzi kunali library yakale. Ma field onse apansi anasuntha, nthawi yodikira netiweki inasanduka nambala yopanda mutu, mamita nkumangodzuka ndi kugona mpaka mabatire kutha. Compiler siinadandaule, linker siinadandaule, chifukwa palibe amene ankaona mbali zonse ziwiri. Kuchokera tsiku limenelo lamulo langa ndi loti tebulo limangowonjezeredwa kumapeto, struct iliyonse imayamba ndi kukula kwake, ndipo pulogalamu ikapeza version yomwe siikuidziwa imakana kuyamba, bootloader nkubwerera ku yakale.

Kwa inu pali msampha wina. Kukula kwa mbedtls_ssl_context kumadalira zomwe mwatsegula mu config. Mukasintha #define imodzi mbali ya library, struct yakula, pulogalamu yakale ikupatula malo ochepa. Ndiye musatulutse ma struct a mbedTLS kunja. Pangani ma function anuanu ochepa, monga tls_open, tls_write, tls_read, tls_close, zamkati zikhale zamkati. Ndipo mbali zonse ziwiri zigwirizane pa -mfloat-abi, apo ayi float imodzi ikuikidwa mu s0, inzake ikuiyembekezera mu r0.

Funso lomwe muyenera kudziyankha musanayambe ndi ili: tsiku lomwe mbedTLS idzapezeke ndi chiboo cha chitetezo, ndipo zimapezeka, library-yo mudzaisintha bwanji? Ikakhala imodzi yokha, bootloader nkumadalira yomweyo, magetsi akathima pakati pofufuta sector mwatsala ndi njerwa. Mukaisunga kawiri kuti mutetezeke, malo omwe mumafuna kupulumutsa aja abwerera pomwe anali. Ine bootloader ndimaisiya ndi zake, ngakhale zikhale zobwereza. Imangofuna SHA-256 ndi ECDSA verify, zomwe zimakwana bwino mu 64 KB muli nayoyo.

kaZephyr265 analemba:

Aise bwanji mukuvutika ndi FreeRTOS? Samukirani ku Zephyr. Kuyambira 3.5, ya 2023, muli LLEXT, mumakweza ELF chipangizo chili chiyakire, ma symbol imalumikiza yokha. NuttX nayo ili ndi ELF loader ndi dlopen. ThreadX ili ndi ma module. RTEMS ili ndi libdl. FreeRTOS yatsalira.

Gogo_wa_Assembly analemba:

Mphwanga, zonse mwatchulazo zilipodi, sindikukana. Koma mukumuuza munthu yemwe denga likudontha kuti amange nyumba ina. Mabokosi 46 ali kale kumudzi, ma driver onse analembedwa pa HAL ndi FreeRTOS.

Komanso loader yotere imayenera kukonza ma relocation, ndiye kawirikawiri imakopera khodi ku RAM nkuiyendetsa kumeneko. Pa F407, mu 192 KB muja, 64 KB ndi CCM, yomwe inalumikizidwa ku D-bus yokha. Simungayendetsemo khodi, DMA nayonso siifikako. Mwatsala ndi 128 KB, momwe muli kale ma buffer a lwIP ndi a TLS. Record imodzi ya TLS imatha kufika 16 KB. Khodi ya 70 KB mukaiika pati? Kwa kachidutswa kakang'ono, monga malamulo oyatsira ndi kuzimitsira pampu a 4 KB, LLEXT ingakhale yabwino ndithu, ndipo pa chipangizo chatsopano ndingaiganizire. Pa ichi ayi.

Ndiwonjezere pa zomwe anena mayi NaPhiri. Library ikakhala ndi loko mkati, ikhale mutex yeniyeni, xSemaphoreCreateMutex(), osati binary semaphore. Mutex ya FreeRTOS ili ndi priority inheritance (task yomwe yagwira loko imakwezedwa kufika pa mlingo wa yomwe ikudikira), binary semaphore ilibe. Mars Pathfinder mu 1997 inkangodziyambitsanso ili pa Mars chifukwa cha zomwezi, pa VxWorks: task yaing'ono yagwira mutex, yapakati yailanda CPU, yaikulu ikudikira mpaka watchdog, yomwe imayambitsanso makina akaima, kuluma. Mainjiniya ake anakonza ali pansi pano potsegula priority inheritance. Inu task yanu yoteteza pampu isadikire loko yomwe yagwiridwa ndi TLS handshake pa 2G.

Dada_waku_Mzuzu analemba:

Ine ndifunse mwina mopusa. Mwayang'anamo mu fayilo ya .map, yomwe imaonetsa zomwe zadya malo mu flash? 380 KB yandichulukira pa ntchito mwafotokozayo. Onani ngati muli ndi -Os, -ffunction-sections, -fdata-sections ndi --gc-sections, komanso ngati mukugwiritsa ntchito nano.specs. mbedTLS ikasiyidwa ndi config yomwe imabwera nayo imanyamula ma cipher ndi ma curve ambirimbiri omwe seva yanu siidzawapempha. Siyani suite imodzi ndi curve imodzi.

Za update, bwanji osatumiza kusiyana kokha? bsdiff inapangidwira zimenezi, ndipo pali detools yomwe mbali yake ya pa chipangizo inalembedwa mu C ndipo siidya RAM yambiri. Muli kale ndi malo awiri: mukuwerenga yakale uku, kuphatikiza ndi patch, kulemba yatsopano uko, kenaka bootloader itsimikize signature ya image yonse monga mwa nthawi zonse. Chofunika n'choti seva idziwe version yeniyeni yomwe ili mu bokosi lililonse, ndipo musunge .bin iliyonse yomwe munatulutsapo, osati kudalira kuti mudzaipanganso kuchokera ku git.

Ndipo kuyambiranso pachiyambi netiweki ikaduka, kumeneko ndi kudzizunza nokha. HTTP ili ndi Range. Sungani pomwe mwafika, mukapitirize pomwepo.

Chenjezo limodzi: F407 ili ndi bank imodzi ya flash. Pofufuta sector ya 128 KB, CPU ikafuna kuwerenga flash imaima, sekondi imodzi kapena ziwiri. Ma interrupt omwe khodi yake ili mu flash amadikira nawo. Zimitsani pampu musanafufute, ndipo onani kuti IWDG, watchdog yanu, ili ndi nthawi yokwanira.

Mjigo_F4 analemba:

Ndabweranso, patha masiku asanu. Dada, funso lanu silinali lopusa, wopusa ndinali ine. Mu .map ndapeza RSA, ma curve omwe sindinawamvepo, ndi ma self test a mbedTLS, zonse zili phee mu flash. --gc-sections inalipo, koma Makefile ya mbedTLS yomwe ndinatengera kwa amene analipo ine ndisanabwere inalibe -ffunction-sections, ndiye linker inalibe podula. Ndakonza zimenezo, ndadula config, ndachotsa printf ya float nkumalemba ma millivolt ngati integer. Image yatsika kufika 231 KB. Tsopano ikukwana mu ma sector awiri, ndipo zowerengera malita za abwana zili ndi malo.

PIC ndaichotsa yonse, port.c ndaibwezera mwakale. Zinandiwawa pang'ono, chifukwa inali itayamba kuyenda, koma nkhani ya r9 mu ISR ija inandisowetsa tulo.

Patch ndayesa pa desiki ndi detools. Kusintha kwa if kuja, komwe kunandiyendetsa m'matope, kwatuluka 6 KB ndi pang'ono. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Range ndaikanso, ndipo ndayesa pozula mlongoti wa SIM800 pakati pa download katatu, ikupitiriza pomwe inalekera. Chomvetsa chisoni n'choti kuti mabokosi aphunzire kulandira patch, ndiyenera kuwatumizira image yathunthu kamodzi komaliza, ndi khodi yakale ija yosadziwa kupitiriza. Ndiyamba ndi a pafupi ndi msewu wa tala, awiri ovuta aja ndidikira mvula ithe.

Mayi NaPhiri, tebulo lanu sindinalitaye. Malamulo a pampu amasiyana mudzi ndi mudzi, kwina chitsime n'chakuya, kwina madzi amaphwa mu Okutobala, ndipo pano ndimachita kupanga image yosiyana pa gulu lililonse. Ndikuganiza zotembenuza nzeru yanu: pulogalamu yaikulu ikhale imodzi kwa onse, malamulowo akhale kachidutswa ka pa adiresi yokhazikika mu sector 11, kopanda .data, kopanda .bss, kongolandira pointer ya struct nkubweza yankho loti yatsa kapena zimitsa. Chomwe chikundivuta n'choti sector 11 ndi ya 128 KB, ndipo kufufuta yonseyo chifukwa cha 2 KB kukundiwawa. Munkachita bwanji inu, munkalemba motsatizana mpaka sector itadzaza kenaka nkufufuta kamodzi? Ngati ndi choncho ndiye kuti adiresi siikhalanso yokhazikika, ndipo ndabwereranso kwa agogo ndi PIC yawo.

NaPhiri_Firmware analemba:

Mwabwerera, koma pakhomo pokha, simunalowe. Khodi yopanda global variable siifuna GOT. Ma branch a Thumb amawerengera kuchokera pa PC, ndiye kachidutswako kangayende paliponse bola musagwiritse ntchito adiresi yokhazikika mkati mwake. Samalani ndi ma string, ma const array ndi ma function pointer, chifukwa amenewo compiler imawaikira adiresi yathunthu mu literal pool. Samalaninso ndi ma function omwe compiler imaitana mosakuuzani, monga memcpy pokopera struct kapena __aeabi_uldivmod pogawa nambala za 64 bit. Mukamaliza link ndi --emit-relocs, yendetsani readelf -r muone ngati mwatsala R_ARM_ABS32. Kapena njira ya ulesi yomwe ndimachita ine: pangani link kawiri pa adiresi ziwiri zosiyana, muyerekeze ma .bin ndi cmp. Akafanana byte ndi byte, lembani motsatizana mu sector 11, chilichonse ndi header ya kukula, version ndi CRC yotsimikizira kuti sichinaonongeke, pulogalamu izitenga chomaliza chomwe CRC yake ili bwino. Ndi 2 KB mulemba ka 60 ndi kuposerapo musanafufute.

Mutiuze zikayenda. Ndipo nsapato za matope zija muzisungebe, mabokosi awiri aja akukudikirani.